Malo Owonongeka ndi Mafuta ndi Mankhwala ku Mzimba: Ndani Amalipira Ntchito Yowayeretsa?

Unduna woona za chilengedwe ukudziwitsa alimi, amalonda ndi anthu onse a pa Boma la Mzimba ndi madera a kum'mwera kwa bomali, monga Jenda, Embangweni, Edingeni, Champhira ndi Luwerezi, za malo amene nthaka yake imawonongeka ndi mafuta, mankhwala kapena zotsalira za ntchito za mafakitale ndi migodi. Nkhaniyi ikufotokoza mmene malo otere amadziwikira, zimene malamulo a dziko lino amanena, kumene ndalama zowayeretsera zimachokera, ndi zimene munthu ayenera kuchita asanagule puloti kapena kulima pa malo okayikitsa.

Anthu ambiri amaganiza kuti nthaka ikawonongeka, Boma ndilo liyenera kubwera ndi ndalama kudzakonza. Lamulo silinena choncho. Woyamba kulipira ndi amene anawononga. Ndalama za Boma ndi za mabungwe othandiza zimalowapo pamene wowonongayo sakupezeka, anamwalira kapena kampani yake inatha, ndipo ndalama zimenezi zimakhala zochepa poyerekeza ndi kukula kwa ntchito. Pachifukwachi, munthu amene wagula malo owonongeka mosadziwa angathe kudikira zaka zambiri thandizo lisanamufike.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Mzimba

Mzimba ilibe mafakitale aakulu ngati amene ali ku Makata mu Blantyre kapena ku Kanengo mu Lilongwe. Koma tauniyi ikukula. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 21,000 pa Boma la Mzimba, ndipo wa 2018 anapeza oposa 26,000. Malo amene zaka 30 zapitazo anali kunja kwa tauni, kumene kunali magalaja, nyumba zosungiramo katundu wa ulimi, malo ochekera matabwa ndi maenje otayiramo zinyalala, lero ali pakati pa nyumba za anthu. Ku Jenda, pa msewu wa M1, masitolo ndi malo ogona alendo akumangidwa chaka ndi chaka.

Palinso china chimene a ku Mzimba amachidziwa bwino. Mapuloti ambiri amagulidwa ndi anthu amene ali pa ntchito ku South Africa. Ndalama zimatumizidwa kwa m'bale, chithunzi cha malo chimatumizidwa pa foni, ndipo maziko amakumbidwa mwini wake asanaponde pa malopo. Chithunzi chimaonetsa udzu ndi mitengo, koma sichingaonetse thanki ya mafuta imene inakwiriridwa pansi.

Malo amene ayenera kukayikiridwa

Palibe malo amene angatchedwe owonongeka dothi ndi madzi ake zisanayezedwe ku labotale. Komabe mbiri ya malo imapereka chenjezo, ndipo mitundu yotsatirayi ndiyo imapezeka kawirikawiri m'matauni a msinkhu wa Mzimba.

Malo akale omwetsera mafuta a galimoto ndiwo oyamba. Mathanki achitsulo okwiriridwa pansi amachita dzimbiri n'kuyamba kudontha pang'onopang'ono popanda wina kuona. Petulo ali ndi mankhwala otchedwa benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi, ndipo akalowa m'madzi a pansi pa nthaka amayenda nawo mpaka ku zitsime za anthu oyandikana nawo. Komanso maiko a kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya kugulitsa petulo wosakaniza ndi mtovu pofika kumayambiriro kwa 2006, kutanthauza kuti malo amene ankagulitsa petulo chaka chimenecho chisanafike angakhale ndi mtovu m'dothi lake.

Magalaja ndi zigayo zoyendera dizilo zimasiya oyilo wakuda amene amathiridwa pansi tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Choopsa kwambiri ndi kuswa mabatire akale a galimoto ndi a sola pofuna kuchotsa mtovu wogulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Popeza nyumba zambiri za kumudzi tsopano zimawunikira ndi sola, mabatire otha ntchito achuluka. Mtovu suola ndipo susungunuka ndi mvula. Umakhala m'fumbi la pabwalo mpaka wina atauchotsa. Mwana wokwawa amaudya kudzera m'manja, ndipo umawononga ubongo wake kwa moyo wonse. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 m'dera limene anthu ankaswa mabatire ndi kusefa dothi pofunafuna mtovu pakhomo pawo.

Matabwa ndi mapolo ndi malonda aakulu m'boma lino chifukwa cha nkhalango ya Viphya ku Chikangawa. Utuchi pawokha si poizoni, ngakhale mulu wake umatha kufuka moto pansi kwa masabata ambiri. Vuto lili pa malo onyikirapo mapolo ndi matabwa m'mankhwala oteteza chiswe. Ena amagwiritsa ntchito phula lakuda lotchedwa creosote, ena mankhwala a CCA amene amasiya thabwa likuoneka lobiriwira ndipo ali ndi poizoni wa arsenic. Mankhwalawa amadonthera pansi pamene mapolo akuuma. Apa amayi ayenera kusamala kwambiri: zidutswa za matabwa otere si nkhuni, ndipo phulusa lake siliyenera kuchezedwa chidulo chophikira therere kapena kuthiridwa m'dimba, pakuti arsenic sapsa ndi moto koma amatsalira m'phulusamo.

Mzimba ndi dziko la ng'ombe, choncho madibi akale ali m'madera ambiri. M'maiko ambiri a kum'mwera kwa Africa, madibi a m'zaka za m'mbuyo ankathiridwa mankhwala a arsenic ophera nkhupakupa, ndipo madzi otha ntchito ankatayidwa m'dzenje pambali pa dibi. Dibi likasiya kugwira ntchito, malo ake amaoneka abwino kumangapo sukulu ya mkaka kapena kukumbapo chitsime, chifukwa nthawi zambiri amakhala pafupi ndi madzi ndipo alibe mwini wodziwika. Malo otere ayambe ayezedwa.

Nyumba zakale zosungiramo mankhwala a mbewu ndi malo amene panali mathiransifoma a magetsi nawonso ali m'gulu lomweli. Mathiransifoma ena akale ali ndi mafuta okhala ndi mankhwala a PCB, amene satha msanga m'chilengedwe ndipo amaunjikana m'thupi la munthu ndi la ziweto. Mafuta a m'thiransifoma amaoneka oyera ngati ophikira, ndipo ogulitsa tchipisi ndi mandasi akuchenjezedwa kuti asagule mafuta osadziwika kochokera, ngakhale atakhala otsika mtengo.

Zimene malamulo amanena

Ndime 13 ya malamulo aakulu a dziko lino imalamula Boma kusamalira chilengedwe pofuna kuteteza moyo wa anthu a lero ndi mibadwo ya m'tsogolo. Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi la Environment Management Act la 2017, limene linalowa m'malo mwa la 1996. Lamuloli limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pa malo aukhondo ndi osavulaza thanzi, ndipo linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lodziwika kuti MEPA, limene likulu lake lili ku Lilongwe.

Imodzi mwa mfundo za lamuloli ndi yakuti wowononga chilengedwe ndiye alipire. MEPA ili ndi mphamvu yolamula munthu kapena kampani kuti isiye ntchito yowononga, ichotse zonyansa ndi kubwezeretsa malo mwakale pa ndalama zake. Ntchito zina, monga kumanga malo omwetsera mafuta kapena kutsegula mgodi, siziloledwa kuyamba popanda kafukufuku wa mmene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo mwini ntchito amayenera kuonetsa mmene adzasamalire malowo.

Mabungwe ena ali ndi mbali zawo. Malawi Energy Regulatory Authority imapereka ziphaso za malonda a mafuta. Pesticides Control Board, imene ili ku Bvumbwe, imayang'anira mankhwala a mbewu ndi ziweto. National Water Resources Authority imateteza mitsinje ndi madzi a pansi pa nthaka malingana ndi lamulo la madzi la 2013. Khonsolo ya M'mbelwa ndiyo imavomereza mapulani a zomangamanga ndi kusankha malo otayirapo zinyalala m'boma la Mzimba.

Kumene ndalama zimachokera

Mfundo yakuti wowononga alipire imagwira ntchito bwino pamene wowonongayo alipo ndipo ali ndi chuma. Imavuta pamene galaja inatsekedwa kalekale, mwini wake anamwalira, ndipo malo agulitsidwa kawiri kapena katatu. Imavutanso pamene malowo anali a Boma lenilenilo, monga dibi la dipatimenti ya ziweto. Malo otere ali ngati ana amasiye, ndipo ndiwo amafuna ndalama za anthu onse.

Njira yoyamba ndi bajeti ya Boma kudzera ku unduna ndi ku MEPA, pamodzi ndi thumba la Environment Fund limene lamulo la chilengedwe linakhazikitsa. Ndalama zimenezi zimagawidwa pa ntchito zambiri za chilengedwe m'dziko lonse, choncho malo amene amayamba kuganiziridwa ndi amene akuopseza anthu ambiri: oyandikana ndi sukulu, chipatala, msika, mjigo kapena mtsinje umene anthu amamwa. Malo amene ali m'mbali mwa mtsinje wa Mzimba, kumene Northern Region Water Board imatenga madzi a m'tauni, ali ndi chifukwa chomveka choti aganiziridwe msanga kuposa puloti ya munthu mmodzi imene ili kutali ndi madzi.

Njira yachiwiri ndi ndalama za chitukuko zodzera ku khonsolo, monga za thumba la Constituency Development Fund. Ndalama za khonsolo zimatsata ndondomeko ya chitukuko ya boma, imene imachokera ku zofuna za anthu kudzera m'makomiti a VDC ndi ADC. Ngati anthu sanalembe dibi lakale kapena dzala la zinyalala ngati vuto la m'dera lawo, khonsolo ilibe poyambira kuikapo ndalama. Kawirikawiri pa misonkhano yotere anthu amatchula milatho, midadada ya sukulu ndi mijigo, ndipo m'pomveka. Koma mjigo wokumbidwa pafupi ndi nthaka yapoizoni ndi ndalama zotayika.

Njira yachitatu ndi thandizo lochokera kunja. Malawi ali m'gulu la maiko amene anavomereza pangano la Stockholm lothana ndi mankhwala osatha msanga m'chilengedwe, ndi pangano la Basel loyang'anira kutumiza zinyalala zoopsa kunja kwa malire. Pangano la Stockholm linaika chaka cha 2025 kuti maiko asiye kugwiritsa ntchito zipangizo zokhala ndi PCB, ndi 2028 kuti mafuta ake akhale atawonongedwa mosamala. Thumba la Global Environment Facility ndilo limathandiza maiko osauka kukwaniritsa pangano limeneli. Kudzera m'thumbali, bungwe la FAO linagwira ntchito ndi Boma la Malawi yosonkhanitsa ndi kuwononga mankhwala a mbewu otha ntchito, potsatira ntchito ya CleanFarms imene inayamba kuwalemba ndi kuwalongedza. Mankhwala otere satenthedwa pa moto wamba. Amafuna ng'anjo zapadera zotentha kwambiri, ndipo n'chifukwa chake kuwononga thani imodzi kumadya ndalama zambiri. Thandizo lakunja limabwera pa ntchito yodziwika, ya zaka zowerengeka, ndipo limafuna umboni wolembedwa. Malo amene sanalembedwe m'kaundula aliyense salowa m'ntchito zotere.

Maiko olemera nawo anavutika ndi funso lomweli. Dziko la America linakhazikitsa thumba la Superfund mu 1980, pambuyo poti nyumba ndi sukulu zinamangidwa pa dzala la mankhwala ku Love Canal m'chigawo cha New York. Poyamba thumbali linkadalira msonkho wa makampani a mafuta ndi mankhwala. Mu 2002 dzikolo linakhazikitsanso lamulo lopereka ndalama kwa makhonsolo zoyezera ndi kuyeretsera malo akale a mafakitale kuti amangidwenso. Chimene anaona n'chakuti amalonda amathawa malo okayikitsa ngakhale ali pakati pa tauni, ndipo ndalama yochepa ya Boma yoyezera dothi imatha kutsegula njira kuti eni ndalama abwere kudzamanga.

Phunziro la ku Kabwe

Chitsanzo chapafupi cha mtengo wa kuchedwa chili kwa anansi athu ku Zambia. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe, umene kale unkatchedwa Broken Hill, unayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndipo unatsekedwa mu 1994. Unasiya mapiri a zotsalira za mgodi m'mphepete mwa tauni. M'nyengo ya chilimwe mphepo imauluza fumbi lake kupita m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo kafukufuku wa madokotala wakhala akupeza mtovu wochuluka koopsa m'magazi a ana a kumeneko.

Mgodi utatsekedwa, udindo woyeretsa unatsala m'manja mwa Boma la Zambia. Ntchito yoyamba yothandizidwa ndi World Bank inachitika kuyambira 2003 mpaka 2011. Mu Disembala 2016 banki yomweyo inavomereza madola 65.6 miliyoni a ku America a ntchito yachiwiri yokhudza Kabwe ndi matauni ena a migodi ku Copperbelt. Ndalamazi zinali ngongole, kutanthauza kuti nzika za Zambia, kuphatikizapo zimene zinabadwa mgodi utatsekedwa kale, ndizo zidzabweza. Zinagwira ntchito yoyeza ndi kupereka mankhwala kwa ana, kukonza ngalande ndi kuphimba dothi la pa sukulu ndi pa makomo ena. Koma pamene gwero la fumbi silinaphimbidwe lonse, bwalo loyeretsedwa limatha kuipanso, ndipo mwana wochiritsidwa amabwerera ku fumbi lomwelo.

Anthu a ku Kabwe anayesanso njira ya khoti. Mu 2020 maloya awo anakasuma ku khoti la ku Johannesburg kampani ya Anglo American South Africa, imene inali ndi gawo mu mgodiwo zaka za m'mbuyo. Kampaniyo imakana kuti ndiyo inachititsa vutoli, ndipo mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu, zimene zinachititsa odandaulawo kuchita apilo. Papita zaka zoposa 30 chitsekedwere mgodi, ndipo funso la amene ayenera kulipira likadali mkangano.

Migodi ya kuno kwathu ndi chikole cha chilengedwe

Pofuna kupewa zotere, maiko ambiri tsopano amafuna kuti kampani ya mgodi isungitse ndalama zokonzera malo isanayambe kukumba. Ndalama zimenezi ndi chikole: kampani ikakonza malo bwino imabwezeredwa, ikathawa Boma limagwiritsa ntchito chikolecho. Ku mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera m'boma la Karonga, umene kampani ya Paladin inatsegula mu 2009 n'kuimitsa mu 2014, ndipo kenaka unagulidwa ndi Lotus Resources mu 2020, kunaikidwa chikole cha madola 10 miliyoni a ku America. Lamulo la migodi la 1981 linasinthidwa mu 2019 ndiponso mu 2023, ndipo malamulo atsopanowa amafuna kuti mgodi waukulu ukhale ndi pulani yokonzera malo ndi kutsekera mgodi.

Kum'mwera kwa Mzimba nkhaniyi ikukhudza Kanyika, m'dera la Inkosi Mabulabo, kumene kuli miyala ya niobium ndi tantalum. Kampani ya Globe Metals and Mining inalandira chiphaso cha mgodi mu Ogasiti 2021, ndipo inasainirana ndi Boma pangano loyendetsera mgodiwo mu Marichi 2023. Miyala ya ku Kanyika ilinso ndi yureniyamu pang'ono, choncho kasungidwe ka zotsalira zake kakukhudzanso bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011.

Anthu a ku Kanyika akhala akudikira kwa zaka zambiri nkhani ya kusamuka ndi chipukuta misozi, ndipo m'pomveka kuti pa misonkhano nkhani imeneyi ndiyo imakhala patsogolo. Unduna ukukumbutsa mafumu ndi makomiti kuti pali ndalama za mitundu itatu zimene siziyenera kusokonezedwa. Chipukuta misozi ndi cha mabanja amene ataya minda ndi nyumba. Ndalama za pangano la chitukuko cha m'dera ndi za ntchito zothandiza anthu onse ozungulira mgodi. Ndalama zokonzera malo ndi za tsiku limene mgodi udzatsekedwe, mwina ana a lero ali akuluakulu. Mtundu wachitatuwu ndi umene suyankhulidwa kawirikawiri, koma ndi umene unasowa ku Kabwe. Anthu ali ndi ufulu wofunsa kuti zotsalira za mgodi zidzasungidwa pati, madzi a m'mitsinje ndi m'mijigo adzayezedwa kangati, zotsatira zake zidzaperekedwa kwa yani, ndipo pulani yotsekera mgodi ikuti chiyani.

Okumba miyala yamtengo wapatali, amene ndi ambiri m'boma la Mzimba, nawonso ali ndi udindo wokwirira maenje awo akamaliza. Dzenje losiyidwa limadzaza madzi m'dzinja, limaswa udzudzu ndipo limamiza ana ndi ng'ombe.

Mmene ntchito yoyeretsa imayendera

Ntchito imayamba ndi mbiri ya malo. Akatswiri amafunsa akuluakulu a m'deralo, amaona mapu akale ndi mabuku a khonsolo kuti adziwe zimene zinkachitika pamalopo. Gawo limeneli ndi lotsika mtengo, ndipo nthawi zambiri gogo amene wakhala pafupi zaka 40 amadziwa pamene panali dzenje la oyilo kuposa pepala lililonse. Kenaka amatenga dothi pa malo angapo ndi pa kuya kosiyanasiyana, pamodzi ndi madzi a m'zitsime zapafupi, n'kupita nazo ku labotale. Zotsatira ndizo zimasonyeza mtundu wa poizoni, kuchuluka kwake ndi kumene wafika.

Njira yoyeretsera imadalira mtundu wa poizoniyo. Dothi la dizilo ndi oyilo limatha kuchira: limakumbidwa, kuyalidwa pa malo otetezedwa, kusakanizidwa ndi manyowa ndi kutembenuzidwa kawirikawiri kuti tizilombo ta m'nthaka tidye mafutawo, ndipo zimatenga miyezi ingapo. Mtovu ndi arsenic sizidyedwa ndi kachilombo kalikonse. Dothi lake limachotsedwa n'kukasungidwa pa malo okonzedwa mwapadera, kapena limaphimbidwa ndi simenti kapena dothi labwino lochindikala. Kukumba dothi loipa n'kukalitaya kudambo usiku si kuyeretsa, ndi kusamutsa vuto, ndipo ndi mlandu. Madzi a pansi pa nthaka ndiwo ovuta ndi okwera mtengo kuposa zonse, moti nthawi zina chotheka n'kutseka chitsime ndi kupezera anthu madzi kwina.

Ntchito imene malo adzagwire pambuyo pake ndiyo imanena kuti ayeretsedwe kufika pati. Malo ophimbidwa ndi simenti angakhale depoti ya basi, nyumba yosungiramo katundu kapena shedi ya amisiri popanda vuto. Malo omwewo sangakhale dimba, bwalo la ana kapena nyumba yokhala ndi chitsime pokhapokha atayeretsedwa mokwanira. Apa m'pamene khonsolo imapindula ikakhala ndi kaundula wa malo okayikitsa: imatha kuloza ntchito yoyenera pa malo oyenera, ndipo malo a pakati pa tauni, amene ali kale pafupi ndi msewu, magetsi ndi madzi, amagwiranso ntchito m'malo moti tauni idye minda ya anthu kunja.

Kwa ogula malo, alimi ndi amalonda

Wofuna kugula puloti pa Boma, ku Jenda kapena pa malo ena a malonda afunse anthu oyandikana nawo, osati wogulitsa yekha, za ntchito zimene zinkachitika pamalopo. Ayang'ane dothi lakuda lonona, fungo la mafuta pokumba, malo amene udzu sumera, mapaipi otuluka pansi, migolo yadzimbiri ndi zidutswa za mabatire. Akakayika, apite ku ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo asanapereke ndalama. Mtengo woyezera dothi ungaoneke waukulu, koma wogulitsa akalandira ndalama n'kuchoka, amene amatsala ndi malowo ndi wogula, ndipo kutsata wowononga kudzera m'khoti kumatenga nthawi. Amene ali kunja kwa dziko auze abale amene akuwagulira malo kuti afunse mafunso omwewa.

Alimi a m'madimba, makamaka a tomato, anyezi, mbatatesi ndi masamba amene amagulitsidwa ku Jenda, asathirire mbewu ndi madzi ochokera ku galaja kapena kotsukira galimoto, ndipo asatenge dothi la pa dzala la m'tauni ngati manyowa. Botolo la mankhwala likatha litsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe m'sipuleya, ndipo botololo liboolodwe kuti wina asasungiremo madzi, mchere kapena mafuta ophikira. Mankhwala otha ntchito asakwiriridwe kapena kutayidwa m'chimbudzi. Mlangizi wa zaulimi adziwitsidwe.

Anthu onse adziwe kuti kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini kumapha tizilombo toyambitsa kolera ndi matenda otsekula m'mimba, koma sikuchotsa mtovu kapena arsenic. Madzi a m'chitsime akayamba kununkha mafuta kapena kuonetsa utawaleza pamwamba, asiyidwe nthawi yomweyo. Mabatire otha ntchito asasweredwe pakhomo, ndipo asidi wake asathiridwe pansi. Aperekedwe athunthu kwa ogula ovomerezeka. Eni magalaja asunge oyilo wakuda m'migolo yotseka, pa simenti ndi pansi pa denga.

Kokanena

Aliyense amene akudziwa malo okayikitsa akanene kwa mkulu woona zachilengedwe ku khonsolo ya M'mbelwa pa Boma la Mzimba, kwa mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi wa m'dera lake, kapena ku MEPA. Nkhaniyo idzerenso kwa mfumu ndi ku komiti ya VDC kuti ilembedwe m'ndondomeko ya chitukuko ya m'deralo. Polemba dandaulo, munthu atchule mudzi ndi mfumu yaikulu ya deralo, ntchito imene inkachitika pamalopo ndi zaka zake ngati akuzikumbukira, mtunda wochokera pamalopo kufika pa chitsime, mtsinje kapena sukulu yapafupi, ndi zimene waona ndi maso ake. Asunge kope la kalatayo lokhala ndi tsiku limene yaperekedwa. Ngati mwana amene amasewera pa malo otere akudwala m'mimba kawirikawiri, akufooka kapena akukomoka, atengeredwe ku chipatala cha Boma cha Mzimba, cha Embangweni kapena china chapafupi, ndipo makolo auze dokotala za malo amene mwanayo amasewera.